Mbale Imene Che Dinala Anasungira Koleji

Dzulo ndinatsitsa kasitomala panjira. Anali mtsikana wa pakoleji, ndipo ndikukhulupirira kuti ngwa chaka choyamba chifukwa anandipatsa moni asanakwere. Anakwera njinga yanga pamsika waukulu wa Zomba, ndipo nditapalasa pang'ono ndinamufunsa kokamutula.

"Ku Chikanda, achimwene. Pa Thiransifoma."

Ndinagwira mabuleki pomwepo. Ndinamuuza kuti ku Chikanda kulibe malo a dzina limenelo, atsike akafune kabaza wina. Anatsika akundiyang'ana ngati ndasuta. Mwana uja sanalakwe kanthu, zimenezo ndikudziwa. Koma sadaka ya Che Dinala tadya Lamulungu lapitali, mpunga wake ukadali pakhosi, ndiye wina azinditchulira dzina limenelo kumsana kwanga, ine n'kumangopalasa?

Dzina lawo linali Che Dinala. Ndikulemba kuti pakhale pena pomwe lalembedwa bwino. Ankakazinga tchipisi ndi nyama ya mbuzi pansi pa mtengo wa mapeyala, pamphambano pomwe njira yochokera kugeti la koleji imalowa m'Chikanda. Ife a kabaza timaima tsidya la msewu. Ine ndinayamba kuima pamenepo nditangosiya sukulu, ndevu zisanamere, ndiye chiwaya chawo ndachiyang'ana zaka zambiri kuposa zimene ndinayang'ana bolodi.

Musaganize kuti anali munthu wofewa. Anali ovuta, ovuta kwambiri. Mbatatesi ya pamsika ankaikana, ati imakhala yatopa kale ndi ulendo. Ankakwera okha kuphiri Lolemba lililonse m'mamawa, kukasankha m'minda ya kumtunda kuja, n'kumafinya imodziimodzi ngati akusankhira mwana wawo mkazi. Wotsitsa thumba ndinali ine, mabuleki akununkha kupserera m'makona onse aja, iwo akubwera pambuyo wapansi. Ndikafika ankayamba kuyang'ana thumba ngati lagunda penapake, za ine ayi. Amayi ogulitsa nkhuni ankawatukwanira mumtima, chifukwa akapeza kamtengo kamodzi ka paini m'mtolo ankabweza mtolo wonse, ati utsi wake umanunkhitsa chakudya. Munthu watsika nawo mtolo kuchokera pamwamba pa phiri, khosi lauma, iwo akuti bwererani nawo.

Pachiwaya pawo sunkadya choimirira. Sunkadya ndi dzanja lamanzere. Sunkagwira mbale usanasambe m'manja pachigubu chimene ankamangirira kumtengo. Kabichi ankathira ngati ndi mankhwala a kuchipatala, ukapempha wowonjezera ankakufunsa ngati ndiwe mbuzi. Lachisanu masana, nthawi imene ana a pakoleji amatuluka ndi njala yeniyeni, iwo ankavundikira chiwaya ndi lata, kuvala kofiya, ulendo kumzikiti, mzere wa anthu n'kuusiya pomwepo. M'mwezi wa Ramadani ankakazingira ena tsiku lonse kukamwa kuli gwa, ndipo masiku amenewo ngakhale galu ankadziwa kuti pamphambano n'podutsa mwachangu.

Ine ankanditcha mwanache, kunena kuti mwana m'Chiyao chawo, mpaka ndevu zinamera, mpaka ndinakwatira. Tinkakangana pafupipafupi. Ankati mtima wanga uli ngati mafuta a pamoto, kadontho kamadzi kokha ayamba kale kuthetheka. Ine ndinkawayankha kuti bola ine ndimathetheka n'kuzizira, osati iwo osunga nkhani imodzi mpaka imvi.

Mwana aliyense wa pakoleji wofika pachiwaya koyamba ankafunsidwa mafunso ngati wabwera kudzafunsira mbeta. Kwanu n'kuti? Bambo alipo? Anakuperekeza ndani kuno? Ena ankaseka, ena ankanyansidwa, koma ankayankha poti tchipisi chili m'manja mwa wofunsayo. Che Dinala ankakonda kunena kuti palibe mwana amene anangotsika yekha m'basi wopanda womutumiza ndi womulandira. Makolo a ku Chitipa, a ku Nsanje, a ku Mchinji anatula ana awo m'manja mwa koleji n'kubwerera kwawo, ndiye kwa iwo koleji inali malume wa ana onsewo. Mwana akalakwa kunja, kokadandaula n'kwa malume ake. Akachita bwino, woyamikiridwa ndi yemweyo.

Wotsutsana nawo pa zimenezi anali a Makwinja, a golosale yoyandikana ndi mtengo uja, Mlomwe wa tchalitchi, mnzawo wa bawo ndiponso mdani wawo wa tsiku ndi tsiku. A Makwinja ankati koleji si malume wa munthu, koleji ndi mpanda, geti ndi alonda basi. Ankakumbutsa kuti kale ana ankagona mkati ndi kudya mkati, koma atachuluka, mabedi n'kuchepa, khitchini n'kutsekedwa, anangowatsegulira geti kuti akadzionere okha. Chikanda ndiye chinasanduka chipinda chawo chogona ndi khitchini yawo, popanda wobwera kudzatiuza kuti anthuni, tikukutulirani katundu.

"Malume wanji wotula ana pakhomo pa eni osaodira?" ankatero a Makwinja, akuwadyera nkhomo pabawo.

"Ndiye kuti anatidalira," Che Dinala ankayankha. "Sewerani, Che Makwinja, mukuchedwetsa dzuwa."

Tsiku la maliro a Che Dinala, ku Songani kwawo, titachoka kumanda, mnyamata wina wa pakoleji anapempha kuti alankhule m'malo mwa anzake. Ana a pakoleji anabwera ochepa, ovala bwino, a ulemu wawo. Mnyamatayo anagwada, maso ali ofiira zenizeni, nati, "Ife ophunzira tamva chisoni chachikulu ndi imfa ya agogo athu, Che Thiransifoma." Sankanyoza. Ankaganiza kuti ndilo dzina lawo. Ine ndinapezeka ndaimirira kale, ndipo ndikanafika pomwe anagwadapo akanapanda kundigwira lamba a Makwinja. Anandikhazika pansi ndi dzanja limodzi, nkhalamba ija, osandiyang'ana n'komwe. Shehe anangoweramitsa mutu. Panalibe anamukonza mwanayo, ndipo anamaliza mawu ake bwinobwino, anthu n'kuthokoza.

Dzina limenelo linabwera chonchi.

Chinali chaka china nthawi ya mvula, mango atachuluka ndi ntchentche zomwe. Akuba anakhetsa mafuta m'thiransifoma ya kuno, magetsi n'kuzima kwa milungu, ana a pakoleji ali pafupi kulemba mayeso. Ankawerengera makandulo m'tizipinda tawo tothinana, mitima itatupa. Masiku amenewo kunali mphekesera m'tauni monse yoti mafuta obedwawo amagulidwa ndi okazinga tchipisi, ati sada msanga ngakhale uwatenthe bwanji. Kenaka ana angapo anatsegula m'mimba. M'Chikanda nthawi ya mvula, ndani satsegula m'mimba? Koma wina anangoti, kodi mwaona kuti mafuta a mdala wa pamapeyala amakhala oyera nthawi zonse?

Analidi oyera. Ankawasefa ndi nsalu madzulo alionse, ndipo akangoyamba kuda ankawapereka kwa amayi oyatsira mbaula. Anzawo a ziwaya zina ankakazingira mafuta akuda ngati oyilo wa galimoto, koma iwowo mphekesera sinawakhudze. Ukhondo wawo ndi umene unawapereka.

Mkati mwa koleji, pabolodi la zidziwitso, wina anamata chithunzi chojambula pamanja: nkhalamba ya kofiya, mawaya a magetsi akutuluka m'chiwaya. Anandiuza ndi alonda a pageti. Chinakhala pamenepo osachotsedwa, akuluakulu akudutsa. Ndipo tsiku lina masana, dzuwa lili pamutu, tinamva nyimbo ikutsika kuchokera kugeti. Anali ambiri. Ena anali omwe aja ankafunsidwa kwanu n'kuti. Che Dinala anaima kutsogolo kwa chiwaya ndi chipande m'manja, akuganiza kuti awalankhula monga ankachitira masiku onse. Sanapatsidwe mpata. Chiwaya chinagubuduzidwa, ndipo mafuta owira anawathira mkono wamanzere kuchokera m'zala mpaka m'chigongono.

Ife a kabaza tinawoloka msewu ndi mapampu, ena ndi miyala. Ine ndinali kutsogolo, ndipo ndinali nditasankha kale wanga, wamtali wa malaya ofiira. Koma mdala ali pansi m'matope, khungu la mkono likusupuka, anakuwa ndi mawu amene sindinawamvepo.

"Mwanache! Siya! Ana a eni amenewo! Ali ndi kwawo kokanena!"

Anawo anathawa okha ataona mkono uja. Ife tinatsala ndi miyala m'manja ngati zitsiru.

Atatuluka kuchipatala, a Makwinja anati tiyeni kupolisi, mboni zilipo msewu wonse. Che Dinala anakana. Anati munthu sutengera mwana wa mnzako kupolisi usanaonane ndi akwawo, kutero n'kudula chibale. Anathira m'botolo mafuta amene anatsala m'chigubu, omwe aja ankakazingira, n'kutseka ndi chitsononkho. Anavala mkanjo woyera ndi kofiya yatsopano, mkono uli m'mabandeji, nandiuza kuti ndiwakweze. Sankafuna ndalama ya chiwaya, kapena ya chipatala. Ankafuna dzina lawo.

Alonda anatilowetsa poti ankawadziwa, natilozera ofesi yoona za ophunzira. Chitseko chinali chotsegula pang'ono, mkati anthu akulankhula. Che Dinala anaima patali ndithu, nati motsitsa, "Odi." Atatero anakakhala pabenchi la pakhonde, botolo ali nalo pamiyendo.

Ndinadikira. Palibe chinachitika.

"Madala, tiyeni tigogode tilowe."

"Ndaodira."

"Sanamve."

"Andiona. Mwini nyumba akamaliza zake atuluka, atilonjera, atifunsa chimene tadzera. Wobwera ndi mlandu sayamba yekha kulankhula ngati wogulitsa tomato."

"Kuno si ku Songani, madala. Kuno ukakhala chete amayesa ukudikira basi."

"Khala pansi, mwanache. Ukundichititsa manyazi."

Tinakhala mpaka anaweruka. Mawa lake anabwereranso, ndi mkuja womwe. Ine ndinkawasiya m'mawa, n'kukawatenga madzulo, chifukwa pabenchi sindikanatha kukhalapo osaswa kanthu. Anthu a mataye ankadutsa ndi mapepala, ena n'kuponya moni akuyenda, moni wosadikira yankho. Okolopa ankawapempha kuti akweze miyendo. Ena mwa ana omwe aja anagubuduza chiwaya ankadutsa pakhonde lomwelo, akawaona n'kutembenukira kukhoma. Nthawi ya swala, pemphero lawo, ikakwana ankapita kuseri kwa nyumba, kuyala kansalu pa kapinga, n'kubwerera pabenchi. Mlungu unatha choncho, bandeji ikuda ndi fumbi.

Amene anawafunsa anali mayi wina wa mandala, wa imvi pang'ono, wooneka kuti sagona mokwanira. Tsiku limenelo ndinali nditafika kudzawatenga. Mayiyo anatuluka ndi makiyi m'manja, anadutsa, kenaka anabwerera.

"Bambo, ndakhala ndikukuonani pano. Mukudikira ndani?"

"Inuyo, mayi. Ndinaodira."

Mayi uja anatseka maso kanthawi. Anatsegulanso ofesi, natipatsa mipando, nawalonjera bwinobwino, mpaka kufunsa za kunyumba. Apo ndiye Che Dinala anamasuka. Anafotokoza zonse mwadongosolo, osakweza mawu, osatchula dzina la mwana ndi mmodzi yemwe, ngakhale ankawadziwa mpaka maboma awo. Pomaliza anaika botolo patebulo.

"Ndamva kuti muli ndi nyumba yoyezera zinthu. Yezani awa. Mukapeza za magetsi, ndimangeni nokha. Mukapanda kupeza, auzeni ana anu."

Mayiyo sanaligwire botolo. Anati, "Bambo, pepani kwambiri ndi mkonowo. Koma zimenezi zinachitikira kunja kwa mpanda. Za kunja kwa mpanda n'za polisi. Awa si ana, ndi anthu akuluakulu, amavota, ena ali ndi mabanja. Ife timawaphunzitsa, sitiwalera."

Ine zinandikwana. "Nanga chithunzi chija chinamatidwa kunja kwa mpanda? Nyimbo ija inayambira kuti? Mukamawatulutsa kuti akadye kwathu, akagone kwathu, mumati akadye kwa ndani? Akakhoza mayeso mumavala magauni n'kumajambulitsa nawo, ndi anu. Akawotcha munthu, ndi a polisi!"

"Mwanache!"

Mayi uja sanakwiye, ndipo chimenecho chinandipweteka kuposa akanakwiya. Anavula mandala, natikita m'maso. "Achimwene, dzana pampando mwakhalapopo panakhala mtsikana wathu, nkhope itatupa. Anamumenya a landilodi ake, ku Chikanda kwanu konko, n'kumutayira katundu pamvula. Ndinamuuza mawu omwewa, kuti za kunja kwa mpanda n'za polisi. Analira. Mukuganiza kuti ndimakoma nawo mawu amenewa? Ndikalandira botolo ili, mawa Chikanda chonse chili pakhonde apo, wina ndi botolo, wina ndi chitseko chothyoka, ana athunso ndi zawo. Ine ndili ndekha muno ndi mtsikana wotayipa."

"Ndiye musawatenge ambiri chotere ngati simungathe kuwayang'ana," ndinatero.

"Zimenezo mukauze amene amawatenga. Sakhala muno."

Kunja kunayamba kuwaza. Che Dinala anabweza botolo pamiyendo pawo. Kenaka anati, "Chabwino, mayi. Zoyeza zisiyeni. Ndipempha chimodzi. Kwathu mlandu ukatha, anthu amadyera pamodzi, kuti aliyense aone kuti palibenso poizoni pakati pawo. Abwere mkulu mmodzi wa koleji, wotumidwa ndi koleji, adzakhale pansi pachiwaya panga masana, ana akuona, adye mbale imodzi. Asalankhule kanthu. Angodya, azipita. Basi."

Mayiyo anayang'ana bandeji ija nthawi yaitali. Kenaka anati, "Ndamva, bambo. Ndikawafotokozera akuluakulu."

Mdala anaika dzanja lamanja pachifuwa, poti kuwomba m'manja sakanatha, nathokoza katatu konse. Pobwerera, ali kumbuyo kwa njinga, ankang'ung'udza nyimbo. Ine mawu amenewo ndinkawadziwa, ndi omwe amakuuza muofesi iliyonse akafuna kutseka chitseko. Ndinawauza. Iwo anati ndine mwana, sindidziwa kayendedwe ka milandu. Kwawo nkhoswe ikati ndikafotokozera akuluakulu, ndiye kuti mlandu walandiridwa, chatsala n'kutchula tsiku.

Mawa lake anandituma kutauni kukagula mbale. Osati zapulasitiki zimene tonse tinkadyera, koma yosweka, yoyera, ya timaluwa tobiriwira m'mphepete, pamodzi ndi foloko yake. Anagulanso mpando wapulasitiki wa buluu, wokhala ndi potsamira mikono. Anawongoletsa chiwaya kwa owotcherera, nayatsanso moto. M'mawa uliwonse ankatsuka mbale ija ngakhale sinadyeredwe, kuipukuta, kuivundikira ndi kansalu, n'kuiika pathabwa pambali pa botolo. Mpando ankaupukutanso, n'kuuyang'anitsa kugeti. Tonse tinkakhala pabenchi. Pampando paja sipankakhala munthu, ngakhale shehe.

Chaka chimenecho malonda anafa. Ana ankadutsa patali, ena akuchita phokoso la magetsi ndi pakamwa. Tchipisi tinkadya ndife a kabaza, ndipo ife si anthu olemeretsa munthu. Akazi awo, Abiti Sumani, ndi amene anagwira banja ndi zitumbuwa. Tsiku lina anabwera pamphambano pomwepo, chinthu chimene sankachita, nawalankhula anthu tikumva.

"Che Dinala, tiyeni kumudzi. Munda uli kugonera. Mukudikira ndani pano? Anthu aja anaiwala kalekale."

"Ndikachoka, adzabwera n'kupeza palibe munthu. Adzati wathawa, ndiye kuti zinali zoona."

"Adzabwera ndani? Mwaona ndani?"

"Abiti, pita ukaone zitumbuwa zako."

Anapita akupukuta maso ndi nsonga ya mpango. Ine tsiku limenelo ndinali mbali ya Abiti, ndipo ndikadali komweko.

Patapita nthawi anapitanso kukoleji kukakumbutsa, ulendo uno okha. Anabwerako msanga. Anawauza kuti ana a chaka chija anamaliza maphunziro, anavala magauni, anapita, salinso m'manja mwa koleji. Poyamba mlandu unali kunja kwa mpanda, tsopano eni mlandu anali kunja kwa Zomba. Mdala anangoti koma koleji sinasamuke, ikadali pomwe paja. Anatsuka mbale.

Kenaka kunabwera ana ena, osadziwa kanthu, anjala ngati anzawo onse. Anamva fungo la nyama, anakhala pabenchi, anafunsidwa kwanu n'kuti. Malonda anabwerera, mwina kuposa kale. Nkhani ya mafuta inaiwalika, koma dzina linatsala. Ankapatsirana chaka ndi chaka ngati mabuku akale: tikadye pa Thiransifoma, tikumane pa Thiransifoma. Ena ankati n'chifukwa choti tchipisi chake chimapatsa mphamvu. Che Dinala akaitanidwa choncho sankayankha, ankangoyang'ana m'chiwaya mpaka mwanayo anene kuti agogo.

A Makwinja ankawauza kuti, "Mwawina, Che Dinala. Onani mzerewu. Chotsani mpandowo, ukutsekereza makasitomala anga."

"Awa akudya chifukwa cha njala," ankayankha. "Sakudya chifukwa choti ndayera."

Tsiku limene ndinakangana kwambiri ndi Che Dinala linali limene kunabwera mayi wa muofesi uja. Panali patadutsa zaka, imvi zitamaliza mutu wonse, koma ndinamuzindikira ndi mandala. Anatsika minibasi, anaima kaye tsidya lino ngati akuganiza zobwerera, kenaka anawoloka. Anali masana, ana ali thothotho pabenchi. Ine ndinasiya kasitomala ataponda kale pedulo, n'kuthamangira komweko. Ndinati lero mbale ija idyeredwa.

Che Dinala anamuzindikiranso. Anapukuta manja, anamulonjera, anafunsa za kunyumba. Dzanja lawo linapita pathabwa, linagwira nsonga ya kansalu kovundikira mbale, n'kuima pomwepo.

"Mayi, mwatumidwa?"

Mayi uja anayang'ana mpando, anayang'ana botolo, anayang'ana mkono wa zipsera. Akanatha kunama. Ine ndinkamupempha ndi maso kuti aname.

"Iyayi, bambo. Ndinapuma ntchito. Ndangobwera ndekha. Nkhani yanu ndinaifotokozadi, kangapo konse. Sindinayankhidwe."

"Sikomo kwambiri pobwera," anatero mdala. Dzanja linachoka pakansalu. Anauza ana kuti asunthe pabenchi, anayalapo nsalu yoyera, namukhazika. Anamuthirira madzi osamba m'manja iwo eni. Anasankha nyama yofewa, anathira kabichi wambiri amene sindinaonepo akuthirira munthu, koma m'mbale yapulasitiki, monga tonse. Mayiyo anadya chonse, pang'onopang'ono, osasiya kanthu. Potsanzika anagwirana chanza nthawi yaitali.

Atangokwera minibasi ndinaphulika. "Madala, mwatani? Si yemweyo munkamudikira? Ana onsewa amuona! Mukanangomukhazika pampandopo nkhani n'kutha!"

"Uja ndi mlendo wanga. Wabwera ndi miyendo yake, Mulungu amudalitse. Koma sanabwere ndi pakamwa pa koleji."

"Pakamwa pa koleji! Koleji ili ndi pakamwa? Ndi njerwa zija! Mudzafa mukudikira njerwa!"

"Ndikamukhazika apo ndiye kuti ndadzinamiza ndekha. Iwe umafuna ithe, mwanache. Ine ndimafuna ikonzeke."

Ndinakankha benchi ndi mwendo, ndinachoka, ndipo ndinatha masiku osawalankhula. Lolemba lotsatira ananditumizira mwana kuti thumba likudikira kuphiri. Ndinapita.

Mpaka lero sindidziwa amene ankalondola. Pena ndimati mdala anali wouma mutu, anazunza Abiti ndi mtima wake womwe chifukwa cha mwambo umene eni ake a mataye sanaumvepo. Pena ndimati ankapempha chochepetsetsa chimene munthu angapemphe. Amene amabweretsa anthu ambirimbiri pamalo, n'kuwatsegulira geti kuti akadye ndi kugona kwa anansi, sangamati zochitika kumeneko sakuzidziwa. Akanangoika munthu mmodzi woti ife tikalakwiridwa tizimupeza, anawo akalakwiridwa ndi ife azimupezanso. Koma ndatopa nazo zolankhula zimenezi. Ndazinena pa siteji, ndazinena kumaliro, ndipo amene amandimva ndi a kabaza anzanga, omwe akudziwa kale.

Che Dinala anadwala nthawi ya chiperoni, phiri litabisika mumtambo mlungu wonse. Chifuwa, utsi wa zaka zonse zija. Tsiku lomaliza kuyatsa moto ankakhosomola mpaka kugwira mtengo, koma mbale anatsuka. Atagonekedwa kuchipatala ndinakawaona, ndipo chimene anandifunsa n'choti kodi mpando ndalowetsa, ungabedwe. M'chipatalamo sanatulukemo amoyo.

Itatha sadaka, Abiti Sumani anatenga chiwaya, benchi ndi chigubu kupita nazo ku Songani. Botolo anakalitaya okha kudzala. Mbale ndi mpando anakana. Anati zinthu zimenezo zinawalanda mwamuna akadali moyo, sakufuna kuziona pakhomo pawo. Mbale ili m'golosale mwa a Makwinja, pashelefu yapamwamba, kuseri kwa sopo, yovundikira ndi kansalu komwe kaja. Wina anafunsa mtengo wake, anauzidwa kuti sigulitsidwa.

Pansi pa mtengo wa mapeyala tsopano pali njerwa zakuda za ng'anjo, zina zitagwa. Dothi la pamenepo linamwa mafuta kwa zaka zambiri, moti mvula ikagwa madzi salowa, amangoima timadontho, ndipo udzu sumera. Chingwe cha chigubu chikadali pamtengo. Ana a pakoleji amaima pomwepo podikira njinga, akudya mandasi choimirira, ndi dzanja lililonse limene afuna.

Mpando ndiye umatuluka m'mawa uliwonse. Amautulutsa ndi a Makwinja, omwe aja ankati koleji ndi mpanda chabe. Ndinawafunsa, anandikalipira kuti m'golosale mulibe malo, ndisawavute. Koma amaupukuta, ndipo amauyang'anitsa komwe unkayang'ana. Buluu wake anayera ndi dzuwa, mwendo umodzi ndi womanga ndi waya. Palibe amakhalapo, ngakhale ana atsopano amene sanauzidwe kanthu.

Ukaima kumbuyo kwa mpandowo, geti la koleji limaoneka bwinobwino, alonda, ndi magalimoto a akuluakulu akutuluka masana kukadya kutauni. Si patali. Munthu wa nsapato za muofesi, woyenda mosathamanga, akanatha kunyamuka pageti paja tchipisi chikuphulidwa, n'kuchipeza chikadali chotentha.